Mwagona Bwanji

Nthawi ya 3 koloko usiku, okalamba onse atagona
kupatula Bambo Whitlock a m'chipinda nambala 9
amene amaitanabe mkazi wawo womwalira kalekale,
ndinakhala pa kampando ka m'khichini
ndi foni komanso tiyi wozizira
kufunafuna pogona ku Glasgow.

Usiku umodzi wokha.
Mwandida akuvala gauni Lachinayi.

Hotela yoyamba: mapaundi handiredi sikisite.
Mutu wanga wosamvawu unawasandutsa makwacha
ndipo ndinaona malata a nyumba yanga ya ku Ntcheu
akuuluka limodzilimodzi.
Yachiwiri inali yotchipa, koma yopanda zenera.
Yachitatu wina analemba kuti muli nsikidzi.
Ndinaseka ndekha: kani nazonso zinapeza viza?

Sunitha, mnzanga wa pa shifiti, anati:
usafune pakati pa tawuni,
kumeneko n'kwa alendo a makamera m'khosi.
Tsata njanji. Pomwe sitima yayamba kutopa,
mtengo nawo umatsika.

Ndinatsata. Chakum'mawa kwa mzinda,
chithunzi chimodzi chokha, chopendekeka:
bedi, nyale, katani wa maluwa ofwifwa.
Mapaundi fote faifi, kadzutsa momwemo, bafa logawana.
Kutacha ndinaimba.
Chingerezi cha mayiwo chinali china,
chothamanga ngati madzi a m'ngalande.
Ndinatolapo mawu atatu: inde, Lachitatu, kiyi.

Basi yochokera ku Stoke inatafuna tsiku lonse.
Mvula yopyapyala, yosadziwa kuleka.
Masitepe makumi asanu ndi awiri,
anawerenga ndi maondo, osati ine.

Mayi Kerrigan, aafupi, ovala majuzi awiri,
anatsegula chipinda cha mwana wawo amene ali ku Australia.
Pa felemu la chitseko panali timizere ta pensulo
tokwera chaka ndi chaka
n'kuthera paphewa langa.
Hita inkakhosomola. Pilo anali wowonda
ngati chikwama cha pa twente mwezi.

Koma bedi linali loyala.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuyalira ena,
kusintha zofunda zonyowa mumdima,
kupinda ngodya, kutembenuza matupi opepuka ngati mapesi.
Ndimalidziwa dzanja la changu,
ndimalidziwa dzanja losamala.
Ili linali losamala.
Kumiyendo, pansi pa bulangete, botolo la madzi otentha
litavekedwa kajuzi kakekake.
Ndinaima choncho, chikwama chili m'manja,
mpaka mkono unachita dzanzi.

M'mawa anandibwereka simbi.
Ndinasita diresi langa la chitenje pa thaulo, pansi,
ndikumva fungo la buledi akupserera.
Patebulo panali dalaivala wa lole wa ku Poland
akudya nyemba za m'chitini mwakachetechete
ngati munthu ali m'tchalitchi.

Mayiwo anati: dzira mumalikonda lotani?
Sindinadziwe.
Ndimadziwa la Bambo Whitlock, lofewa, lopanda mchere.
Ndimadziwa la Mwandida.
Ndinati lililonse.
Anati kuno kulibe lililonse,
nayima ndi chiwaya, kudikira.
Lokazinga, ndinatero, mbali zonse.

Kenako, akutsira tiyi osandiyang'ana:
mwagona bwanji?

Funso langa lomwe lija,
limene ndimayenda nalo chitseko ndi chitseko ndisanaweruke,
lero landitembenukira.
Pakamwa panayankha pokha m'Chichewa:
ndagona, kaya inu.
Anagwedeza mutu ngati amva.
Mwina anamvadi.

Potuluka anandikulungira mabisiketi atatu m'pepala,
ati zochitika za magauni sizitha msanga.
Risiti analemba pamanja, dzina langa molakwika,
zilembo ziwiri zitasinthana malo.
Sindinawakonze.

Pa siteshoni foni inalira.
Amayi, muli pati? Mwapeza pabwino?
Ndinati pabwino ndithu, potchipa,
ndipo nsapato zatsopanozi zayamba kale kundiluma.